KODI THUKUTA LA WOLUKA AKUDYA NDANI?

Mwezi wa Juni ukalowa kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, palibe amene amachita kuuzidwa kuti chisanu chafika. Mphepo ya mwera imaomba usiku wonse, nkhungu imakuta zitunda mpaka dzuwa litakwera, ndipo akhristu olawirira ku Misa yoyamba amafika atadzikulunga ndi chilichonse chimene dzanja lapeza. Tsiku lina Lamulungu m'nyengo yotereyi, titatuluka m'tchalitchi, tidaona mayi wina amene adangobwera kumene kuchokera ku Joni atafunda nsalu yachilendo: yopepuka, yofewa, yonyezimira pang'ono padzuwa. Amayi adamuunjirira, aliyense kufuna kuikhudza. Mwini wake adatifotokozera kuti nsaluyo ndi ya ubweya wa mbuzi, ndi kuti adaiomba pamanja ndi amayi a ku Lesotho. Adatisonyezanso kapepala kosokerera m'mphepete, pamene padalembedwa dzina la mayi amene adaiomba. Atatchula ndalama zimene adalipira, tonse tidagwira pakamwa. Komabe panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti mayiyu adaberedwa. Tidagwirizana chimodzi kuti ntchito ya manja njodula, ndipo iyenera kudula.

Ife tomwefe, pobwerera kunyumba, tidapeza agogo ena aamuna akupumula patsinde pa mtengo, pambali pawo pali mphasa zitatu zimene adali kupita nazo ku msika wa m'mawa mwake. Tidafunsa mtengo, iwo natchula. Pomwepo tidayamba luso lathu lija. Wina adati bango lake nlowonda, wina adati chingwe chake sichikhalitsa, winanso adanamizira kuchoka. Agogowo adayang'ana mphasa zawo, adayang'ana mtunda umene udawatsalira, nagonja. Mphasa ziwiri zidapita pa mtengo wa imodzi. Tidafika kunyumba tikusimba za kuchenjera kwathu, ife amene m'mawa womwewo tidali titalandira Ukaristia.

Masiku ano anthu ambiri, kuno ndi kunja komwe, akulalika kuti njira yothandizira amisiri ang'onoang'ono ndiyo kugula katundu m'manja mwa eni ake, osadzera kwa mavenda ndi amalonda ena okhala pakati. Mauwa ngabwino, ndipo nafenso tikuwavomereza. Koma tifuna kunena mosapsatira kuti paokha ngoperewera. Ife tidagula mphasa zija m'manja mwa mwini wake, panalibe venda pakati pathu, komabe agogo aja adabwerera kwawo atadyeredwa masuku pamutu. Ngati phindu limene venda akadatenga lingosamukira m'thumba mwathu osafika m'manja mwa woluka, ndiye kuti venda sitidamuchotse ayi. Tangomulanda malo.

Mbuzi yochokera ku Ankara

Tiyambe talondola nsalu ija kumene idachokera, pakuti kumeneko kuli phunziro lotikhudza. Ubweya wake amalonda amautcha mohair. Umachokera ku mbuzi za mtundu wa Angora, dzina lotengedwa ku mzinda wa Ankara m'dziko la Turkey, kumene mbuzizi zidawetedwa kwa zaka mazana ambiri. Nzosiyana ndi mbuzi zathu zija zosautsa m'minda ya eni ake: thupi lonse limakutidwa ndi ubweya woyera, wautali, wopotanapotana, umene amameta kawiri pa chaka. Mbuzi zoyamba za mtunduwu zidafika ku South Africa m'chaka cha 1838. Mbiri yake imati atonde 12 amene adatumizidwa adali atachitidwa kale chipongwe kuti asabereke, popeza eni ake sadafune kuti chuma chawo chifalikire kwina. Koma mbuzi yaikazi imodzi imene idali nawo idali ndi bere, ndipo idaswa kamwana kakamuna ulendo uli mkati. Lero dziko la South Africa limatulutsa pafupifupi theka la mohair yense wa pa dziko lapansi, makamaka m'chigawo chouma cha Karoo, ndipo msika wake waukulu uli mu mzinda wa Gqeberha, umene mpaka chaka cha 2021 unkatchedwa Port Elizabeth. Lachiwiri pa ulimi umenewu ndi dziko laling'ono la Lesotho.

Anthu a ku Lesotho si alendo kwenikweni kwa ife. Agogo athu amene adapita ku migodi pa Wenela adagwira nawo ntchito pansi pa nthaka, nabwera akusimba za amuna ofunda mabulangete ndi usana womwe. Dziko lawo ndi la mapiri ndi chisanu choposa chathu, ndipo ambiri mwa iwo ndi akatolika anzathu: Papa Yohane Paulo Wachiwiri adafika ku Maseru m'chaka cha 1988, kumene adalengeza kuti Bambo Joseph Gérard, mmishoni amene adagwira ntchito pakati pawo, ndi Wodala, ndipo chaka chotsatira adafika kuno ku Malawi. M'mapiri a dzikolo mabanja zikwizikwi amadalira nkhosa ndi mbuzi monga momwe ife timadalirira fodya, soya ndi mtedza.

M'tauni ya Teyateyaneng, kumpoto kwa Maseru, amayi adadziika m'magulu oomba nsalu, monga la Setsoto ndi la Elelloang Basali. Ntchito yawo njotopetsa. Ubweya ukametedwa amautsuka, amaupesa, amaupota kukhala ulusi, amaunyika m'utoto, kenaka nkuyamba kuomba, chingwe chimodzichimodzi. Nsalu yaikulu yopachika pakhoma, yokhala ndi zithunzi za midzi, abusa ndi mapiri, imadya masabata ambiri. Chimene chimateteza amayiwa si chifundo cha alendo odzaona malo. Chimawateteza nchakuti amagwirira ntchito pamodzi, amadziwa masiku amene nsalu yadya, ndipo mtengo amautchula ndi pakamwa pamodzi. Mlendo akakana mtengo pa khomo ili, sakapeza mayi wosweka mtima kuseri kwa nyumba woti amugulitse pa theka.

Phunziro lowawa la chaka cha 2018

Tsono mverani zimene zidagwera alimi a mbuzi m'dziko lomwelo. Kwa zaka zoposa 40 alimi a ku Lesotho ankameta ziweto zawo m'mashedi a m'madera mwawo, natumiza ubweya ku okushoni ya ku Port Elizabeth kudzera ku kampani ya ku South Africa yotchedwa BKB. Aliyense amene adatumizapo mabelo a fodya ku Kanengo adziwa mmene malonda otere amayendera: ndalama zimabwera zitadulidwadulidwa, ndipo madandaulo sasowa. M'chaka cha 2018 boma la nduna yaikulu Thomas Thabane lidakhazikitsa malamulo atsopano oletsa kutulutsa ubweya kunja popanda chilolezo. Zotsatira zake zidali zakuti pafupifupi ubweya wonse udayenera kugulitsidwa pa malo amodzi, ku Thaba Bosiu, amene ankayendetsedwa ndi kampani ya wamalonda mmodzi. Zifukwa zimene akuluakulu adapereka zidali zozuna m'makutu: tichotse okhala pakati a kunja, ogula azibwera okha kuno kwathu, ndalama ndi misonkho zizitsala m'dziko muno.

Zidatha bwanji? Alimi ambiri adadikira ndalama zawo miyezi ndi miyezi, ena nalandira zochepa kuposa kale. Abusa a ziweto adasowa malipiro, ana adasowa fizi. M'mwezi wa Juni 2019 alimi zikwizikwi adatsika m'mapiri naguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Maseru, ndipo chakacho chisanathe boma lidakakamizika kusintha malamulowo kuti mlimi azigulitsanso kumene afuna.

Taonani, abale: adati akuchotsa okhala pakati, koma adangochotsa ambiri nasiya mmodzi, ndipo mmodziyo adali wamphamvu kuposa onse aja pamodzi, popeza mlimi adalibenso kwina kothawira. Pa zonsezi mlimi mwini mbuzi sadamveredwe. Apa tiphunzirapo kuti chilungamo pa malonda sitichiyesa powerenga manja amene katundu wadutsamo. Tichiyese ndi mafunso atatu. Kodi mtengo watchula ndani? Kodi wogulitsa ali ndi mphamvu yokana ndi kupita kwina? Kodi walandira ndalama zake pa nthawi yake? Mafunso omwewa tiwafunse pa mphasa za agogo aja, ndipo tiona kuti pa awiri oyambawo tidalakwa: mtengo tidatchula ndife, ndipo iwo adalibe mphamvu yokana.

Tibwerere ku zitunda zathu

Kuno mbuzi zathu sitimeta, koma amisiri a manja tili nawo m'mudzi uliwonse, kuyambira ku Nambuma ndi ku Madisi mpaka ku Mpherere ndi ku Malomo. Alipo osoka mphasa, oluka malichero ndi madengu a nsungwi, oumba mbiya ndi miphika, osema mitondo, misi ndi mipini, osula makasu ndi mbaula, ndiponso amayi oluka majuzi, zipewa ndi masokosi a ana, ambiri mwa iwo ataphunzira lusoli kwa asisitere. Katundu wawo timamuona tsiku lililonse, mwina nchifukwa chake sitimuonanso.

Kodi tidayamba tawerengapo masiku amene mphasa imodzi imadya? Mmisiri amalawirira ku dambo kukadula bango, miyendo ili m'matope ozizira, manja akuchekeka ndi masamba. Amalisenza mtolo ndi mtolo, naliyanika kuti liume. Likauma amaling'amba limodzilimodzi ndi kulipala. Chingwe nacho sichigwa kumwamba: amadula khonje, kulipala, kulipota pa ntchafu mpaka khungu kuyuka. Atatha zonsezi mpamene amakhala pansi ndi singano yake yaitali, msana uli chiweramire, kusoka mzere ndi mzere. Ndipo ntchitoyi ikunka nikulirakulira. Madambo ambiri tidawasandutsa madimba, motero bango likupezeka kutali. Nsungwi zimene kale zinkamera m'mphepete mwa mitsinje tidazitha. Nkhalango ya Ntchisi njotetezedwa, ndipo iyenera kutero. Mmisiri wa lero amayenda mtunda wautali kuposa bambo wake, mwinanso amachita kugula zimene bambo wake ankangodula.

Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023. Shuga, sopo, mchere ndi feteleza zidakwera, ndipo ife tidalipira mitengo yatsopanoyo m'sitolo, tikung'ung'udza inde, koma tidalipira. Palibe amene adaima pamaso pa mwini golosale nkunena kuti sopo wakeyo ngwowonda. Koma lichero timalifunabe pa mtengo wa zaka zija, ngati kuti woluka lichero amagula sopo wake m'dziko lina. Pamaso pa wamphamvu ndife ofatsa ngati nkhosa. Luso lathu lonenerera timalisungira wofooka.

Za venda tinene zoona. Mnyamata amene amamanga mphasa pa njinga nkupalasa nazo mpaka ku Mponela, ku Lumbadzi, ngakhale ku Lilongwe, nayenso amakhetsa thukuta. Amalipira chiphaso cha pa msika, amagona pakhonde, ndipo mvula ikamugwera katundu akaonongeka, watayikiridwa ndi iyeyo. Phindu lake loyenera si kuba. Tchimo lake limayamba pamene afika m'mudzi mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zili mbee, nagula ntchito ya sabata yathunthu ndi mbale ya ufa, podziwa kuti munthu wanjala sakana. Koma ngati limeneli ndi tchimo kwa venda, lisanduka bwanji nzeru likachitidwa ndi ife ovala korona m'khosi?

M'boma lathu lomweli la Dowa muli anthu ena amene mphamvu yokana adailandidwa kotheratu. Msasa wa Dzaleka, pamalo pamene kale padali ndende ya andale, udatsegulidwa m'chaka cha 1994 kuti usunge othawa kwawo. Udakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma tsopano muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pawo pali atelala, oluka zikwama ndi madengu, osema ndi ojambula aluso lodabwitsa, ndipo amene adafikako pa chikondwerero cha Tumaini, chimene chidayamba m'chaka cha 2014, adadzionera okha. Koma malamulo salola othawa kwawo kukhala ndi kuchita malonda kunja kwa msasa mwaufulu, ndipo m'chaka cha 2023 boma lidabwezera ku Dzaleka ambiri amene adali m'matauni. Mayi woluka dengu kumeneko sangalinyamule kupita nalo kumene kuli mtengo wabwino. Amadikira amene afike pa khomo pake. Wogula wofika pa khomo lotere akhoza kudzitama kuti wagula kwa mwini wake, pamene wagula kwa munthu womangidwa manja.

Palinso amalonda a mtundu watsopano, a pa Facebook ndi WhatsApp. Amabwera ndi galimoto, kujambula agogo ali pa ntchito, makwinya ndi zigamba zonse zikuoneka bwino, nkulemba pansi pake kuti katunduyu ngwochokera m'manja mwa amayi osauka a kumudzi, ndipo wogula athandiza mabanja awo. Ena mwa iwo ngachilungamo ndithu, ndipo Mulungu awadalitse. Koma ena amagulitsa zinthu ziwiri, dengu ndi umphawi wa wolukayo, ndipo pa ziwirizi mwini wake amalipidwa chimodzi chokha, pa mtengo wa Febuluwale. Tisachite manyazi kuwafunsa: pa ndalama zimene tikukupatsanizi, zofika kwa wolukayo nzingati? Wachilungamo sakwiya nalo funsoli.

Zodzikanira zathu

Tikudziwa zimene ena anene, pakuti nafenso tidadzinenera zomwezo mumtima. Choyamba: nafenso ndife osauka. Nzoona, ambiri mwa ife ndalama timachita kuiwerenga kawiri. Koma umphawi wathu sutipatsa chilolezo chosenzetsa katundu wathu munthu wosauka kutiposa. Ngati ndalama yakwanira mphasa imodzi, tigule imodzi pa mtengo wake, osati ziwiri pa mtengo wa misozi. Ndipo tinene zoona: kawirikawiri onenerera mouma mtima si amasiye a m'mudzi ayi, koma ife a malipiro a pamwezi, aphunzitsi, a m'maofesi, ngakhale a m'makomiti a tchalitchi.

Chachiwiri: kunenerera ndi mwambo wathu, ndipo wogulitsa amayamba dala ndi mtengo wokwera. Inde, kukambirana mtengo nkosangalatsa pakati pa anthu ofanana mphamvu, aliyense atadya, aliyense ali ndi ufulu wochoka. Pamenepo wogula amatsitsako pang'ono, wogulitsa amaikapo banyira, nasiyana akuseka. Koma pamene wina ali ndi mwana wodwala kunyumba ndipo winayo akudziwa zimenezo, si mwambonso umenewo, nkufinya. Makolo athu amene adatisiyira msika adatisiyiranso mau akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife amene timalira chaka ndi chaka kuti mavenda atibera soya ndi sikelo zachinyengo, tingaiwale bwanji kuwawa kwake tikakhala mbali ya wogula?

Chachitatu: iye mwini adavomera, palibe adamukakamiza. Yankho la mau amenewa Eklezia adapereka kalekale. M'chaka cha 1891, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, Papa Leo wa 13 adaphunzitsa kuti kuvomerezana kokha sikuyeretsa malipiro: munthu akalandira zochepa chifukwa chosowa pogwira kapena poopa zoipa zoposa, ameneyo waponderezedwa, ngakhale atavomera ndi pakamwa pake. M'chaka cha 1967, m'kalata ya Populorum Progressio, Papa Paulo wa 6 adati chiphunzitso chomwechi chikhudzanso malonda a pakati pa maiko olemera ndi osauka. Timaomba m'manja chiphunzitsochi chikamadzudzula ogula fodya wathu a kunja. Tichilandirenso chikamatidzudzula ife patsinde pa mtengo paja.

Chachinayi: zopanga za kumudzi sizikhalitsa, bola za pulasitiki. Pali amisiri ena aulesi, sitikana, ndipo tiwalankhula pansipa. Koma beseni la pulasitiki likang'ambika limakathera m'munda, kumene silivunda mpaka zidzukulu zathu zidzalipeze. Lichero likatha limabwerera ku dothi. Dziko lathu lidaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho m'chaka cha 2019, komabe majumbo akadali mbwee m'misika mwathu, pamene dengu, limene lidatumikira amayi athu mibadwo yonse, tikuliyesa chinthu chochititsa manyazi.

Manja amene Mulungu adawalemekeza

Malembo Oyera sanyoza ntchito ya manja. M'buku la Eksodo timawerenga kuti pomanga chihema chopatulika m'chipululu, nsalu 11 zophimba pamwamba pake zidali za ubweya wa mbuzi, ndipo amene adapota ubweyawo adali amayi aluso a pakati pa Aisraele. Nyumba yoyamba ya Mulungu pakati pa anthu ake idafunda ntchito ya manja a amayi. Paulo woyera ankadzidyetsa posoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Prisila. Tabita wa ku Yopa atamwalira, umboni umene amasiye adasonyeza Petro woyera udali malaya amene iye adawasokera. Ndipo Ambuye athu Yezu Khristu adakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Kodi tiganiza kuti pa khomo la Yosefe woyera sipankafika ogula onyoza mpando kuti autenge motchipa?

Malembo omwewo amatidziwa bwino ife ogula. Buku la Miyambo, mutu 20, limajambula munthu amene amanyoza katundu pamene akumugula, koma akangopotoloka nkuyamba kudzitamandira. Ndife amene, tsiku lija la mphasa. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti mmphawi alandire malipiro ake dzuwa lisanalowe, popeza moyo wake wadalira pomwepo. Nanga ife amene timatenga dengu kapena juzi ya mwana nkunena kuti tidzalipira pakutha pa mwezi, mwezi nkutha, wina nkuthanso, mpaka wolukayo kuchita manyazi kutikumbutsa? Papa Benedikito wa 16, m'kalata yake ya m'chaka cha 2009 yotchedwa Caritas in Veritate, adatikumbutsa kuti kugula si nkhani ya ndalama yokha, koma ndi ntchito imene chikumbumtima chiyenera kuyankhapo. Aepiskopi athu nawonso, m'kalata yawo yotchuka ya m'nyengo ya Lenti ya chaka cha 1992, adadandaula za phompho lomakulirakulira pakati pa olemera ndi osauka. Phompho limenelo silikumbidwa ku Capital Hill kokha. Nafenso timaponyapo khasu.

Tsono tichite chiyani?

Chida tili nacho kale. Kuyambira pa msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe wa zaka za 1973 mpaka 1975, nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, akhristu a kuno timasonkhana m'miphakati, ndipo cholinga chake chidali chakuti Mpingo ukhale wodzidalira ndi wosamala moyo wonse wa munthu. Mphakati uliwonse ukudziwa amene amasoka mphasa, amene amaumba, amene amaluka. Ukhale nawo pansi amisiriwo, nkuwerengera pamodzi: chinthu ichi chadya masiku angati, ganyu wa tsiku limodzi kuno amalipidwa zingati, zipangizo zadya zingati. Mtengo wotuluka pamenepo ndiwo poyambira, ndipo mkhristu asatsike pansi pake. Ambiri tidzadzidzimuka poona kuti takhala tikulipira mmisiri zochepa kuposa wa ganyu wopalira.

Amisiri nawo agwirizane, monga amayi a ku Teyateyaneng aja, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akhale ndi mtengo umodzi, ndipo alowe m'magulu a banki m'khonde kuti njala ya Febuluwale isawagulitsitse ntchito yawo motaya. Zotere zidachitikapo kale. Chizindikiro choyamba cha malonda achilungamo, chotchedwa Max Havelaar, chidayamba ku Netherlands m'chaka cha 1988, ndipo mmodzi mwa ochiyambitsa adali wansembe, Bambo Frans van der Hoff, amene ankakhala pakati pa alimi a khofi a ku Mexico ogwirizana m'kopaletivi yawo. Alimi a mtedza a ku Mchinji, anansi athu, adalowa nawo m'malonda a mtundu umenewu kudzera m'bungwe lawo. Ndipo ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, kumene osema ziboliboli adapeza maphunziro, msika ndi ulemu, kotero kuti ntchito zawo zidakongoletsa matchalitchi kuno ndi kunja. Zidatheka ndi osema. Zilephereke bwanji ndi oluka?

Parishi iyambe ndi thumba lake lomwe. Madengu a chopereka, mphasa zokhalira ana a katekisimu, mphatso za pa ukwati, pa ubatizo ndi pa chikondwerero cha wansembe watsopano, zonsezi zigulidwe kwa amisiri a m'parishi momwemo, pa mtengo wathunthu, ndalama pamanja. Tikaitanitsa katundu wambiri tipereke chikole choyamba kuti mmisiri asakongole pogula zipangizo. Abale athu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni amene amafuna za kwawo atumize ndalama pa foni ya wolukayo, pakuti Mpamba ndi Airtel Money zidafika kale m'midzi mwathu. Bambo Mfumu ndi a bungwe la parishi angathenso kupatula tsiku limodzi pa chaka, anthu atakolola, loti amisiri adzayale ntchito zawo pa bwalo la tchalitchi, aliyense ndi dzina lake pa katundu wake, osaiwala kuitana anansi athu a ku Dzaleka. Ndipo m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malire a minda ya parishi tibzale nsungwi, kuti ana a amisiriwa adzapeze choluka.

Kwa inu amisiri, mau athu ndi awa: mtengo wachilungamo ufuna ntchito yachilungamo. Musabise bango lofumbwa pakati pa mphasa, musagulitse mbiya yosapsa bwino, musalandire chikole cha anthu atatu pa dengu limodzi. Dzina lanu likalembedwa pa katundu, likhale dzina loti mwana wanu adzalinyadire.

Pa nkhani ya dzinayi mpamene manyazi athu afika pachimake. Dzina la mayi wa ku Lesotho, amene sitidzamuona ndi maso, tidaliwerenga pa kapepala, ena mpaka kuyesa kulitchula. Koma agogo aja, a m'parishi mwathu momwe, amene mwina tidagwada nawo pa benchi limodzi, sitidawafunse dzina. Chikhalirecho pa mphasa yawo mpamene ana athu akugona usiku uno, pa mphasa yotere mpamene ambiri mwa ife tidabadwira, ndipo tsiku lathu likadzafika, pa mphasa yotere mpamene abale adzakhale potilira.

Zakeyo atakumana ndi Ambuye sadangomva chisoni mumtima. Adatulutsa thumba nabweza. Ife tili ndi ngongole ya mphasa imodzi. Msika umene agogo aja adali kupitako umakumana sabata iliyonse, ndipo osoka mphasa amakhala mbali imodzi, pafupi ndi ogulitsa nkhuni. Tikawafunefune kumeneko, tikawapatse moni waulemu, tikawafunse dzina, ndipo tikapereke zimene tidawamana. Inunso owerenga, ngati m'nyumba mwanu muli lichero, dengu kapena juzi imene mukudziwa mumtima kuti simudaimalize kulipira, mwini wake sakhala kutali.